Nsapato za Galimoto: Kusankha Matayala Oyenda pa Tala ndi pa Fumbi Pomwe

Loweruka lililonse m'mawa, pamene misewu ya mu Limbe yadzaza ndi maminibasi ndi anthu ogula malonda, pamakomo pa masitolo ogulitsa zipangizo za galimoto pamakhala pataunjikidwa matayala ofika m'mapewa a munthu. Ena amakhala okutidwa ndi mapepala owala, ena osakutidwa, ndipo ena amaoneka kuti adayendapo kale m'dziko lina. Pakati pa miluyi pamaima mwini galimoto amene matayala ake atha mano. Wogulitsa amamulandira mwaulemu, namufunsa kuti, "Bwana, mukufuna a m'tauni kapena a kumudzi?" Funsoli ndi lalifupi, koma yankho lake limadya ndalama zochuluka, nthawi zina zoposa malipiro a mwezi wathunthu, ndipo limakhudza moyo wa aliyense amene adzakwere galimotoyo kwa zaka zitatu kapena zinayi.

Chimene chimavuta mu Blantyre n'chakuti tauni ndi mudzi zili pa ulendo umodzi. Munthu akaweruka ku ntchito pa Victoria Avenue amayenda pa tala, nadutsa pa Ginnery Corner ndi pa Chichiri mu msewu wa Masauko Chipembere. Koma akapatuka kulowera kunyumba kwake m'kati mwa Bangwe, Chilobwe kapena Machinjiri, tala uja amamuthera panjira. Kumene kwatsalako ndi chitunda cha miyala yosongoka ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi, pakuti mzindawu udamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndipo mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo madzi ake amatsika mwaukali. Namondwe wa Freddy, amene adagwa mu Malichi 2023, nagumula mbali ya phiri la Soche, adaonetsa poyera mmene madzi angasandutsire msewu kukhala khwawa usiku umodzi wokha. Pamwamba pa izi pali ulendo wa kumudzi, wa ku maliro kapena wokatenga chimanga, umene sufunsa ngati kunja kwauma.

N'chifukwa chake mabanja ambiri amakonda magalimoto aang'ono okwera m'mwamba, monga Toyota RAV4, Honda CR-V, Nissan X-Trail, Subaru Forester ndi Suzuki Escudo. Escudo idayamba kupangidwa mu 1988, RAV4 mu 1994, CR-V mu 1995, Forester mu 1997 ndipo X-Trail mu 2000. Ambiri mwa magalimotowa amafika kuno atagwirapo kale ntchito ku Japan, atatsikira pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban. Ngakhale amaoneka ngati ana a Land Cruiser, ambiri a iwo thupi lawo ndi miyendo yawo zidapangidwa mofanana ndi za galimoto wamba ya m'tauni, ndipo amalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa zolakwa zambiri pa kagulidwe ka matayala zimayambira pa kuiwala kuti galimotoyi ndi yopepuka.

Matayala amene galimoto yafika nawo kuchokera ku Japan ayenera kuyang'anitsitsidwa tsiku loyamba lomwe. Kumeneko kuli madera kumene kumagwa chipale chofewa m'nyengo yachisanu, ndipo eni magalimoto amaika matayala apadera a mphira wofewa kwambiri, okhala ndi timing'alu tambirimbiri tating'ono pa dzino lililonse. Ambiri amalembedwa mawu akuti STUDLESS m'mbali mwake. Munthu wosadziwa akaona mano ake akuya amasangalala, naganiza kuti wapeza matayala a kumudzi. Koma mphira umenewo udapangidwira kuzizira. Pa tala wotentha wa mwezi wa Okutobala umanyenyeka msanga, galimoto imayenda ngati ikugwedera pokhota, ndipo imachedwa kuima pomanga mabuleki.

Matayala a magalimoto otere alipo a mitundu itatu, ndipo mtundu wake umalembedwa ndi zilembo ziwiri. Olembedwa H/T ndi a pa tala: mano ake ndi oyandikana, sachita phokoso, ndipo samwetsa mafuta ambiri. Olembedwa M/T ndi a m'matope, a mano akuluakulu otalikirana ngati a thirakitala. Amenewa amalira pa tala ngati ndege ikunyamuka, ndipo mwini RAV4 sayenera kutaya nawo nthawi. Pakati pa awiriwa pali olembedwa A/T, oyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe. Kampani ya BFGoodrich ya ku America ndiyo idatchukitsa mtundu umenewu mu 1976, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse ili ndi akeake: Dunlop Grandtrek, Bridgestone Dueler, Yokohama Geolandar, General Grabber, Goodyear Wrangler, ndi ena ambiri ochokera ku China ndi maiko ena a ku Asia. Dzina lokha silikwanira, popeza pansi pa dzina limodzi, monga Dueler kapena Geolandar, pamapezeka a H/T ndi a A/T omwe. Zilembo ziwiri zija ndizo ziyenera kufunidwa.

Tayala la A/T lili ndi mano akuya ndi mipata yotakasuka, kotero kuti limaluma bwino dothi ndi miyala pa chitunda. Mphira wake sutemeka msanga ndi miyala yosongoka, ndipo mapewa ake, pamene mano amakumana ndi nthiti za tayala, amakhala okhuthala. Apa ndi pamene pali phindu lenileni kwa munthu wa mu Blantyre. Matayala ambiri mu mzinda uno safa ndi ukalamba. Amafera pa mlomo wakuthwa wa dzenje la pa tala, kapena pa mwala wobisika m'madzi, umene umadula ulusi wa m'nthiti mwake n'kusiya chotupa. Tayala la pa tala likabooka pamwamba, pamene pali mano, limamatidwa ndipo ulendo umapitirira. Likatupa kapena kung'ambika m'nthiti, latha, ngakhale mano ake akhale atsopano, ndipo palibe mmisiri woona mtima amene angalonjeze kulichiritsa.

Koma chokoma chilichonse chili ndi mtengo wake. Tayala la A/T ndi lolemera kuposa la H/T, ndipo injini imagwira ntchito yochulukirapo kuti ilizunguze. Mafuta amatha msanga pang'ono, ndipo kusiyana kumeneku kumaoneka pakutha pa mwezi. Limachitanso phokoso, makamaka likayamba kutha. Chachikulu koposa n'chakuti pa tala wonyowa matayala ambiri a A/T amafuna mtunda wotalikirapo kuti aime kusiyana ndi tayala labwino la pa tala. Woyendetsa amene akutsika kuchokera ku Chichiri mvula ikugwa, minibasi n'kuima mwadzidzidzi kutsogolo kwake, ndiye amadziwa kuti mita imodzi ndi yaitali bwanji. Ndipo pasakhale wina wonyengedwa kuti A/T satitimira. M'dothi lofiira lonona la ku Thyolo, mipata ya mano ake imadzaza ndi matope, tayala n'kusanduka losalala ngati m'phika, galimoto n'kumafuna anyamata oikankha monga ina iliyonse.

Tsono kusankha kumayambira pa kuwerenga ulendo wa mlungu ndi mlungu, osati ulendo wa kamodzi pa chaka. Wokhala ku Namiwawa kapena ku Sunnyside, amene amagwira ntchito m'tauni ndipo kwawo amafika pa tala, adzangogula phokoso ndi mafuta akagula A/T. Tayala labwino la H/T limukwanira. Wokhala kumene tala amathera makilomita awiri kapena atatu asanafike pakhomo, kapena mlangizi, namwino ndi wamalonda amene ntchito yake imamufikitsa m'midzi ya Chiradzulu, Neno kapena Phalombe, ndalama yoonjezera ija idzamubwerera m'matayala amene sanang'ambike. Ndipo pakati pa a A/T omwewo pali ofatsa ndi aukali. Kwa galimoto yaing'ono, ofatsa, a mano osatalikirana kwambiri, ndiwo oyenera.

Pali msampha wina pa zilembo za LT. Matayala ena a A/T amalembedwa LT patsogolo pa manambala ake, kutanthauza kuti adapangidwira mapikapu ndi timalole tonyamula katundu wolemera. Nthiti zake ndi zolimba zedi, ndipo wogulitsa sanama akanena kuti savulala wamba. Koma pa galimoto ya tani imodzi ndi theka tayala lotere lili ngati jombo za msilikali pa mwana wa sukulu. Silifewa pa mabampu, kotero kugunda konse kumapita ku mashokabu ndi mabushi, ndi ku misana ya okwera. Limafunanso mpweya wochuluka kuposa umene wopanga galimoto adalemba. Pokhapokha galimotoyo itakhala yogwira ntchito m'misewu ya miyala tsiku ndi tsiku, mwini wake achita bwino kutenga A/T wopanda LT, kapena wolembedwa XL, amene amanyamula katundu wochulukirapo popanda kuuma ngati thabwa.

Manambala a m'mbali mwa tayala amaopsa anthu ambiri, koma sali ovuta. Pa magalimoto ambiri a RAV4, CR-V ndi X-Trail pamapezeka zolembedwa monga 225/65 R17 102H. Nambala 225 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikunena kuti msinkhu wa nthiti zake ndi magawo 65 mwa magawo 100 a m'lifupi muja, ndiye kuti mamilimita pafupifupi 146. Chilembo R chikusonyeza mayalidwe a ulusi wa m'kati, njira imene kampani ya Michelin ya ku France idatulukira mu 1946 ndipo lero ndiyo yofala. Nambala 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Nambala 102 ndi chizindikiro cha katundu: tayala limodzi lotere linganyamule makilogalamu 850, pamene la 100 limanyamula 800 ndipo la 98 limanyamula 750. Chilembo chotsiriza ndi cha liwiro: H ndi makilomita 210 pa ola, T ndi 190, S ndi 180. Liwiro lotere palibe amene amaloledwa kulifika pa misewu ya m'Malawi, koma nambala ya katundu ndi nkhani ya tsiku lililonse. Anthu asanu ndi matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 ndi katundu woposa theka la tani akaonjezapo zikwama, ndipo tayala la nambala yotsika kuposa imene wopanga galimoto adalamula limatentha ndi kulemako mpaka kuphulika.

Saizi yoyenera siyofunsa kwa wogulitsa, ndiponso siyoonera pa matayala akale, popeza mwini woyamba angakhale adasintha. Imalembedwa pa kachikwangwani komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, pamodzi ndi muyeso wa mpweya. Achinyamata ambiri amakonda kukulitsa matayala kuti galimoto ioneke yaukali ndi kukwera m'mwamba. Masamu ake ndi awa. Tayala la 225/65 R17 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 724 kuchokera pansi kufika pamwamba. La 235/65 R17 ndi 737, kusiyana kosakwana magawo awiri pa 100, ndipo kawirikawiri limalowa popanda vuto. Koma la 245/70 R17 ndi 775, kusiyana kwa magawo 7 pa 100. Pamenepo wotchi ya liwiro ikamaonetsa 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 86, ndipo wapolisi wa pamsewu wa Zalewa sadzamva zoti wolakwa ndi tayala. Galimoto imafookanso pa zitunda, ndipo tayala limakhula thupi lake pokhota kapena ikalemedwa. Phindu lonse la zovutazi ndi kukwera kwa mamilimita 25 okha. Amisiri amalangiza kuti kusiyana kusapitirire magawo atatu pa 100.

Nambala ina, imene ogula ochepa amaifuna, ndi ya tsiku lobadwa. Pambuyo pa zilembo za DOT pamakhala mndandanda umene umathera ndi manambala anayi, ndipo kuyambira chaka cha 2000 awiri oyamba amanena mlungu, awiri otsiriza chaka. Tayala lolembedwa 2322 lidapangidwa mlungu wa 23 wa chaka cha 2022. Mphira umakalamba ngakhale tayala lisanayendepo. Umauma, n'kuyamba timing'alu, ndipo dzuwa la kuno limafulumizitsa ukalambawo. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka zisanu lizipimidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndipo wogula asachite manyazi kupempha kuti tayala litembenuzidwe. Safunsa adadya phula.

Apa nkhani yafika pa matayala a kaunjika, amene sangaipewe aliyense wolankhula zoona. Dziko lino limalima mphira ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, koma matayala atsopano a galimoto amachokera kunja: ena ku mafakitale a ku South Africa monga ya Dunlop ku Ladysmith ndi ya Bridgestone ku Brits, ena ku Asia. Amagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera nthawi yomweyo. Palibe chodabwitsa kuti mabanja ambiri amathamangira ku mulu wa ogwirapo kale ntchito, ndipo kuwadzudzula n'kusadziwa mmene thumba limapweteketsera. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tayala lakale lingathe kupakidwa mafuta kuti liwale, ndipo lotha mano lingathe kusemedwa ndi mpeni wotentha kuti mipata ioneke yakuya, mmisiri wake atadya mphira wotsiriza umene umaphimba mawaya. Wokakamizika kugula lotere ayang'ane chaka chake, alowetse dzanja m'kati kufufuza zigamba, apinde nthiti kuti ming'alu ionekere, ndipo afunefune timizere topingasa tokhala pansi pa mipata ya mano. Timizereti ndi totalika mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayala latha ntchito. M'nyengo ya mvula ndi bwino kusayembekeza kufika pamenepo, chifukwa mano osakwana mamilimita atatu sachotsanso madzi mokwanira. Kawirikawiri tayala latsopano la kampani yosatchuka, lokhala ndi chaka chaposachedwa ndi nambala yoyenera ya katundu, limaposa la dzina lalikulu limene lidatha zaka zisanu ndi ziwiri pa misewu ya dziko lina.

Kodi agulidwe angati? Yankho lagona pa mapangidwe a galimoto. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, ngakhale ali okwera m'mwamba, amakoka ndi miyendo yakutsogolo yokha. Ena, makamaka ambiri a Subaru Forester, amakoka ndi miyendo yonse inayi nthawi zonse. Pa otsirizawa matayala onse anayi ayenera kukhala a mtundu umodzi, saizi imodzi ndi kutha kofanana, pakuti tayala lotha ndi laling'ono kuposa latsopano ndipo limazungulira mofulumirapo. Zitsulo zogawa mphamvu pakati pa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo zimalimbana ndi kusiyanako ulendo wonse mpaka kuonongeka, ndipo mtengo wake umaposa wa matayala anayi. Pa galimoto yokoka kutsogolo kokha n'kotheka kugula awiri, malinga akhale pa ekiselo imodzi. Opanga matayala amalangiza kuti awiri atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale ambiri amaona ngati n'zosemphana ndi nzeru. Chifukwa chake n'chakuti miyendo yakutsogolo ikaterereka dalaivala amamva pa chiwongolero nachepetsa liwiro, koma yakumbuyo ikaterereka galimoto imatembenuka asanadziwe chimene chachitika. Kusakaniza A/T ndi H/T pa ekiselo imodzi ndi koopsa pa galimoto iliyonse.

Tayala labwino likagulidwa, chimene chimalisunga kapena kulipha ndi mpweya. Magalimoto ambiri otere amafuna muyeso wa pafupifupi 2.2 bar, kapena 32 pa geji yowerenga mapaundi, koma nambala yeniyeni ndi ya pa chitseko ija. Nambala yaikulu yolembedwa pa tayala lenileni ndi malire osayenera kupitirira, osati muyeso woyendera. Kupima kuchitike m'mawa matayala asanatenthe, kamodzi pa milungu iwiri kapena ulendo wautali usanayambe. Tayala loperewera mpweya limapindika nthiti pa kuzungulira kulikonse, ndipo kupindikako kumabala moto. Munthu wotsika phiri kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amachoka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000 n'kulowa m'chigwa cha Shire, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Tayala lofooka, lolemedwa ndiponso lokalamba limaphulikira m'malo ngati amenewo. Akapima panjira n'kupeza mpweya wakwera, asauchotse, chifukwa ndi kutentha chabe ndipo udzatsika wokha. Pa mchenga wa kunyanja kuchepetsa mpweya pang'ono kumathandiza kuti galimoto isatitimire, koma uyenera kubwezeredwa isanakwerenso pa tala.

Tsiku loika matayala atsopano ndilo tsiku loyeza miyendo ya galimoto pa makina a alayimenti ndi kuika timiyala ta balansi pa malimu. Maenje a mu mzinda amapotoza miyendo pang'onopang'ono, ndipo mwendo wopotoka ungadye mbali imodzi ya tayala latsopano m'miyezi yowerengeka. Pambuyo pake matayala azisinthidwa malo, akutsogolo kupita kumbuyo, pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse, popeza mano a A/T akatha mosafanana phokoso lake limakula ndipo silibwereranso. Sipeya nayo ikumbukiridwe. Pa RAV4 yakale imapachikidwa pa chitseko chakumbuyo, kumene dzuwa limaiwotcha zaka zambiri popanda woiyang'ana. Pa magalimoto ena ndi kathayala kakang'ono kopyapyala kamene sikaloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola ndipo sikayenera msewu wa miyala. Ndipo ena atsopano amafika opanda sipeya ndi pang'ono pomwe, atangoikidwa kabotolo ka mankhwala omatira, kamene sikangachite kanthu pa nthiti yong'ambika. Woyenda m'midzi amene akuchotsa matayala anayi akale asankhepo limodzi labwino koposa, la saizi yofanana ndi atsopanowo, aligulire limu, ndipo aonetsetse kuti jeke ndi sipanala ya mawilo zili m'galimoto asanatuluke mu Limbe.